Msewu Udagawa Mzinda wa Richmond, Basi Ikuyesa Kuulumikiza

Msewu waukulu wa I-95, umene umayenda m'mbali yonse ya kummawa kwa dziko la United States of America, umakhota pang'ono ukafika pakati pa mzinda wa Richmond. Pokhota pakepo pali tchalitchi cha njerwa cha mpingo wa Sixth Mount Zion Baptist, chimene chili m'mphepete penipeni mwa chigwa chokumbidwa mmene magalimoto amathamanga usana ndi usiku. M'zaka za m'ma 1950, pamene akatswiri ankalemba mapulani a msewuwu, mzere wawo udalunjika pa tchalitchichi. Akhristu ake, amene adali anthu akuda, adakana kuti chigwetsedwe, ndipo adalimbikira mpaka msewu udapatuka. Koma nyumba mazanamazana zimene zidazungulira tchalitchicho zidagumulidwa ndipo anthu zikwizikwi adabalalika.

Patapita zaka 60, dzina la Richmond lidayamba kumveka pa nkhani ina. Mu 2018 mzindawu udakonzanso njira zonse za mabasi ake, ndipo mu 2020 udaleka kulipiritsa okwera. Pamene mizinda yambiri ya ku America inkadandaula kuti mabasi akuyenda opanda anthu, ku Richmond okwera adachuluka. Nkhani ya msewu ndi nkhani ya basi n'zolumikizana, chifukwa zonse zikukhudza funso limene mzinda uliwonse umene ukukula umakumana nalo: kodi munthu wosauka azikhala kuti, ndipo azifika bwanji kumene kuli ntchito?

Mzinda wa fodya

Richmond ndi likulu la chigawo cha Virginia, chigawo chija John Chilembwe adakaphunzirako za ubusa m'tauni ya Lynchburg asadabwerere kwawo mu 1900. Mzindawu uli m'mphepete mwa mtsinje wa James. Kalembera wa mu 2020 adapeza anthu pafupifupi 227,000 mkati mwa malire ake, ndipo tikaphatikiza maboma ouzungulira, anthu amakwana 1.3 miliyoni.

Alimi a fodya a kuno kwathu ali pa ubale ndi mzindawu ngakhale ambiri sadziwa. Kampani ya Universal Corporation, imene likulu lake lili ku Richmond, ndiyo kholo la Limbe Leaf ya ku Malawi ndi Mozambique Leaf Tobacco ya ku Tete. Mlimi wa ku Kasungu kapena ku Angónia amene adagulitsapo fodya ku makampani amenewa, mabelo ake adawerengedwa m'mabuku a ku Richmond.

Chuma cha mzindawu chidayambira pa fodya ndi pa thukuta la akapolo ochokera ku Africa ndi zidzukulu zawo. Dera la Shockoe Bottom lidali umodzi mwa misika ikuluikulu ya akapolo m'dziko lonselo. Pa nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865, Richmond idali likulu la zigawo za kummwera zimene zinkamenyera kuti ukapolo upitirire. Ukapolo utatha, tsankho lidalowa m'malamulo a sukulu, a mavoti, a mayendedwe ndi a malo okhala.

Banki ya makobiri ndi sitima za m'misewu

Atakanizidwa zambiri, anthu akuda adamanga dera lawolawo la Jackson Ward, chakumpoto kwa pakati pa mzinda. Kumeneko kudali masitolo, makampani a inshuwalansi, nyuzipepala, malo a zisangalalo ndi mabanki. Mayi Maggie Lena Walker, mwana wa mayi amene adali kapolo, mu 1899 adayamba kutsogolera bungwe la Independent Order of St. Luke, limene linkathandiza mamembala ake pa matenda ndi pa maliro. Mu 1903 adatsegula St. Luke Penny Savings Bank ndipo adakhala mayi wakuda woyamba ku America kukhazikitsa banki. Ochapa zovala, ophika ndi ogwira ntchito m'mafakitale a fodya ankasungitsa makobiri awo, ndipo pofika 1920 bankiyi idali itathandiza mabanja oposa 600 kugula nyumba. Amene amayendetsa banki mkhonde m'midzi mwathu angauzindikire msanga mzimu wa ntchito imeneyi.

Pa za mayendedwe, Richmond idatsogola dziko lonse. Mu 1888 katswiri wina dzina lake Frank Sprague adakhazikitsa sitima zamagetsi zoyenda pa njanji za m'misewu ya mumzinda, ndipo zidakwanitsa kukwera zitunda za Richmond zitanyamula anthu. Mizinda ina idabwera kudzaphunzira. Kumene njanji yafika, nyumba zinkamera, ndipo anthu ankakhala pafupi ndi pokwerera. Mu 1904 kampani ya sitimazi italamula kuti akuda azikhala kumbuyo, John Mitchell Jr., mkonzi wa nyuzipepala ya Richmond Planet, adatsogolera anthu kunyanyala. Kwa miyezi yambiri ankayenda pansi. Komabe mu 1906 chigawo cha Virginia chidakhazikitsa lamulo lokakamiza tsankholi. Sitimazi zidaleka kuyenda mu 1949, pamene dziko lonse lidatembenukira ku galimoto.

Mapu ofiira

Mu 1937 bungwe la boma loona za ngongole za nyumba, Home Owners' Loan Corporation, lidajambula mapu a Richmond monga lidachitira m'mizinda ina yambiri. Madera adapatsidwa mitundu inayi. Obiriwira ankaonedwa kuti ndi abwino kubwereketsako ndalama, ndipo ofiira ankaonedwa kuti ndi oopsa. Madera a anthu akuda adapakidwa utoto wofiira, ngakhale kumene kunkakhala aphunzitsi, madokotala ndi eni mabizinesi. Maganizo a m'mapuwa ndiwo ankalamulira mabanki ndi mabungwe a boma kwa zaka zambiri. Munthu wa dera lofiira ankavutika kupeza ngongole yogulira kapena kukonzera nyumba. Nyumba zikakalamba chifukwa chosakonzedwa, akuluakulu ankaloza chala n'kunena kuti deralo lawonongeka, liyenera kugumulidwa.

Ndi mmene msewu udalowera. Anthu a mu Richmond adaukana kawiri pa voti. Apo nyumba ya malamulo ya Virginia idakhazikitsa bungwe lapadera lokhala ndi mphamvu zomanga msewuwo popanda kudikira voti ya mumzinda. Msewu wa Richmond-Petersburg Turnpike, umene lero ndi gawo la I-95, udatsegulidwa mu 1958 utadula Jackson Ward pakati. Masitolo adatsala mbali imodzi, makasitomala ambiri mbali ina. M'zaka zotsatira, misewu ina ndi zimango za boma zidameza madera a Navy Hill ndi Randolph, ndipo dera la Fulton lidagumulidwa pafupifupi lonse m'zaka za m'ma 1970.

Ambiri mwa osamutsidwawo adakalowa m'nyumba za boma za anthu osauka, zimene zidaunjikidwa m'madera ochepa monga Gilpin, Creighton, Mosby, Fairfield ndi Whitcomb. Gilpin Court, imene idamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, idatsala kutsidya kwa msewu, yodulidwa ku mzinda wonse. Zotsatira zake zikuonekera m'matupi a anthu. Mu 2015 akatswiri a yunivesite ya Virginia Commonwealth adasonyeza kuti mwana wobadwira ku Gilpin ankayembekezeka kukhala ndi moyo zaka 63, pamene wobadwira ku Westover Hills, mtunda wosakwana makilomita 10, ankayembekezeka kufika zaka 83.

Ntchito kunja, antchito mkati

Msewu watsopano udathandiza amene adali ndi magalimoto. Mabanja ambiri a azungu adasamukira ku maboma a Henrico ndi Chesterfield, kumene malo adali otsika mtengo, n'kumabwera mumzinda m'mawa ndi kubwerera madzulo. Masitolo akuluakulu, zipatala ndi mafakitale zidawatsatira. Misonkho yawo idapitanso komweko.

Ku Virginia mzinda ndi maboma ouzungulira amadzilamulira paokhapaokha. Aliyense ali ndi khonsolo yake ndi thumba lake la misonkho. Mu 1970 Richmond idakuza malire ake potenga gawo la Chesterfield, koma m'zaka zotsatira malamulo a chigawo adatseka njira imeneyi. Mabasi a kampani ya boma ya GRTC ankayenda mkati mwa mzinda, ndipo ambiri akafika pa malire ankabwerera, chifukwa maboma a kunja sankafuna kulipira kuti apitirire. Munthu wopanda galimoto ankamva kuti kwinakwake akulemba ntchito, koma njira yofikira kumeneko idalibe. Ena ankatsika pamapeto pa njira ya basi n'kuyenda m'mphepete mwa misewu ikuluikulu yopanda tinjira ta oyenda pansi.

Mu 2011 bungwe la kafukufuku la Brookings Institution lidayerekeza mizinda 100 ikuluikulu ya ku America poona mmene mabasi ndi sitima zimafikitsira anthu kuntchito. Richmond idakhala pa nambala 92. Mzinda umene udaphunzitsa dziko kuyendetsa sitima zamagetsi udapezeka kumchira. Atsogoleri a mipingo ndi anthu ena wamba adayamba kukumana, ndipo m'zokambirana zawo mudabadwa gulu la RVA Rapid Transit, lomenyera kuti mabasi odalirika afike m'misewu ikuluikulu ya chigawo chonsecho.

Basi imene sifuna ndandanda

Pa 24 June 2018 GRTC idatsegula njira ya basi yothamanga yotchedwa Pulse. Ndi ya makilomita 12, ili ndi masiteji 14, ndipo mbali yaikulu imatsata msewu wa Broad Street kuchokera ku Willow Lawn kukafika ku Rocketts Landing. Idadya ndalama pafupifupi madola 65 miliyoni, ndipo madola pafupifupi 25 miliyoni mwa amenewa adachokera ku boma lalikulu la dzikolo.

Basi ya Pulse ndi basi wamba ya matayala, koma adaichotsera zinthu zimene zimachedwetsa mabasi. Pa gawo lina la msewu ili ndi mzere wakewake umene magalimoto ena saloledwa kuyendamo. Magetsi a pamphambano amaipatsa mpata ikayandikira. Nsanja ya pa siteji ndi yofanana msinkhu ndi khomo la basi, kotero kuti wokalamba, mayi wokankha mwana ndi munthu wa pa njinga ya olumala amalowa osakwera masitepe. Chachikulu n'chakuti idayamba ndi kubwera mphindi 10 zilizonse nthawi yotanganidwa ndi mphindi 15 nthawi zina. Basi ikamabwera pafupipafupi chotere, munthu saloweza ndandanda. Amangopita pa siteji podziwa kuti sadikira nthawi yaitali.

Tsiku lomwelo njira zina zonse za mabasi zidasintha. Zambiri mwa njira zakale zinkatsatabe mizere ya sitima zija zidatha mu 1949, ndipo zinkazungulirazungulira kuti zidutse pafupi ndi khomo la aliyense, zotsatira zake basi inkabwera mwa apo ndi apo. Mothandizidwa ndi katswiri wa mayendedwe Jarrett Walker, mzindawu udafunsa anthu ake funso lovuta: kodi mukufuna basi yodutsa pafupi koma yosowa, kapena yoti muyende pang'ono koma yobwera kawirikawiri? Udasankha kuika mabasi ambiri m'misewu yowongoka yodutsa kumene kuli anthu ochuluka. Patangopita miyezi yochepa, boma la Henrico lidalipira kuti basi ifike ku Short Pump, kumene kuli masitolo ambiri ndi ntchito zambiri.

M'chaka choyamba okwera adachuluka ndi 17 pa 100 alionse, nthawi imene m'mizinda yambiri ankachepa. Pulse yokha, imene ankayembekezera kuti izinyamula anthu 3,500 pa tsiku, idafika pafupifupi kuwirikiza kawiri chiwerengerocho. Koma si onse adakondwa. Anthu ena a m'madera osauka adadandaula kuti siteji yawo idachotsedwa ndipo akuyenda mtunda wautali, zimene ndi zolemetsa kwa okalamba ndi odwala. Ena adafunsa chifukwa chake basi yokongolayo idayamba ndi msewu wa maofesi ndi yunivesite m'malo moyamba kummwera kwa mtsinje, kumene kuli anthu ambiri opanda magalimoto.

Kukwera osalipira

Mu March 2020, mliri wa Covid-19 utafika, GRTC idaleka kutolera ndalama kuti okwera azilowera khomo la kumbuyo osayandikira dalaivala. Poyamba chidali chinthu chongoyembekezera. Koma mliriwo udaonetsa poyera amene amadalira basi. Ogwira ntchito m'maofesi adakhala kunyumba ndi makompyuta awo, pamene osamalira odwala, osesa m'zipatala, ophika ndi ogulitsa m'masitolo adapitiriza kukwera. Kafukufuku wa kampaniyi adali atasonyeza kale kuti okwera oposa theka ankachokera m'mabanja opeza ndalama zosakwana madola 25,000 pa chaka, zimene ku America ndi umphawi kwa banja la ana.

Ulendo umodzi udali dola imodzi ndi theka. Kwa wopita kuntchito ndi kubwerako masiku asanu, amenewo ndi madola 15 pa sabata. Kwa wolemera ndi ndalama yosaoneka, koma kwa mayi wolera yekha ana ndi chakudya cha masiku angapo. Basi yaulere idathandizanso kuti anthu asamachedwe pakhomo pofunafuna ndalama, ndipo mikangano ya dalaivala ndi wokwera pa nkhani ya malipiro idatha. Okwera ku Richmond adabwerera msanga kuposa m'mizinda yambiri, mpaka adaposa chiwerengero cha nthawi imene mliri udali usadafike.

Basi yaulere ili ndi woilipira. Madalaivala amalandira malipiro, mafuta amagulidwa, matayala amatha. Mu 2020 nyumba ya malamulo ya Virginia idakhazikitsa bungwe la Central Virginia Transportation Authority, limene limatolera msonkho wa mafuta a galimoto ndi wa zogulagula mumzinda ndi m'maboma ouzungulira, ndipo gawo la 15 pa 100 limapita ku GRTC. Aka kadali koyamba kuti chigawo chonse chizisonkhera mabasi pamodzi. Pa kukwera kwaulere, boma la Virginia lidapereka madola 8 miliyoni a zaka zingapo, ndipo yunivesite ya Virginia Commonwealth idathandizapo. Thandizoli litayamba kutha, akuluakulu a GRTC akhala akufunafuna ndalama chaka ndi chaka. Mu 2025 adavomereza kuti mabasi akhalebe aulere kufikira pakati pa 2026.

Pali ena amene amatsutsa. Iwo amati madola mamiliyoni amene kampani ikadatolera akadagula mabasi ena ndi kulemba madalaivala ena, ndipo wosauka amapindula kwambiri ndi basi yobwera msanga kusiyana ndi yaulere yochedwa. Mfundo yawo ili ndi maziko. Mliri utatha, GRTC idasowa madalaivala mpaka maulendo ena adadulidwa, ndipo vutoli lidachepa mu 2023 pamene malipiro a oyamba ntchito adakwezedwa kufika pafupifupi madola 25 pa ola. Mzinda wa Kansas City, umenenso udachotsa malipiro mu 2020, udagwirizana mu 2025 zowabwezeretsa chifukwa thumba lidaperewera.

Walira mvula walira matope

Mzinda ukayamba kukoma, ofuna kukhalamo amachuluka. Nyumba zakale zosungiramo fodya za m'mphepete mwa mtsinje, zimene amazitcha Tobacco Row, zidasanduka nyumba zogona za anthu opeza bwino. Dera la Scott's Addition, limene lidali la mafakitale ang'onoang'ono, lidadzaza ndi malo ofululira mowa, ndipo nyumba zosanjikiza zidachuluka khonsolo itasintha malamulo a kamangidwe mu 2017 pokonzekera Pulse. Achinyamata ophunzira ochokera ku mizinda yodula monga Washington adayamba kubwera. Lendi idakwera, ndipo misonkho ya nyumba idakwera nayo, kotero kuti ngakhale okalamba amene adamaliza kalekale kulipira nyumba zawo adayamba kupanikizika.

Mu 2018 akatswiri a Eviction Lab a ku yunivesite ya Princeton adatulutsa ziwerengero zimene zidachititsa manyazi mzindawu. Mu 2016, khoti lidagamula kuti banja limodzi mwa mabanja 9 alionse ochita lendi ku Richmond lichotsedwe m'nyumba. Pa mizinda ikuluikulu ya ku America, Richmond idali yachiwiri, kumbuyo kwa North Charleston yokha. Ofufuza a mumzinda momwemo adapeza kuti vutoli lidali lalikulu m'madera a anthu akuda kuposa mmene umphawi wokha ungafotokozere. Banja likachotsedwa, mwana amasintha sukulu pakati pa chaka, ndipo chigamulo cha khoti chimatsalira m'mabuku n'kumalepheretsa banjalo kupeza nyumba ina.

Kalembera akusonyeza kusinthaku. Mu 2000 anthu akuda adali 57 pa 100 alionse a mumzindawu. Mu 2020 adali pafupifupi 40. Mwa amene adachoka, ena adapita mwa kufuna kwawo, koma ena adathawa lendi n'kukapeza nyumba zotsika mtengo ku maboma a kunja, kumene mabasi ndi ochepa. Apa ndi pamene pali msampha. Mzinda ukhoza kukonza basi yabwino chifukwa cha anthu osauka, basiyo n'kukweza mtengo wa malo oyandikana nayo, osaukawo n'kukankhidwira kutali kumene basi sifika. Mu April 2023 khonsolo ya Richmond idalengeza poyera kuti mzindawu uli pa vuto lalikulu la nyumba.

Malo a gulu, nyumba ya banja

Njira zingapo zikuyesedwa. Mu 2019 mzindawu udayambitsa ndondomeko yoti wochita lendi amene watsalira polipira akumane ndi mwini nyumba pamaso pa mkhalapakati, athandizidwe ndi gawo la ngongoleyo, mlandu usadafike pa chigamulo. Mu December 2020 khonsolo idavomereza mapulani a zaka 20 otchedwa Richmond 300, amene amati nyumba zambiri zizimangidwa pafupi ndi njira za mabasi. Mu 2023 idachotsa lamulo limene linkakakamiza aliyense womanga kusiya malo oimika magalimoto. Lamulolo linkadya malo ndi kukweza mtengo wa nyumba, ndipo ngakhale wopanda galimoto ankalipira nawo kudzera mu lendi. Chaka chomwecho eni nyumba adaloledwa kumanga kanyumba kena kakang'ono pa poloti yawo kuti muzikhala wachibale kapena wa lendi.

Njira imene alimi angaimve msanga ndi ya bungwe la Maggie Walker Community Land Trust, limene lidakhazikitsidwa mu 2016 n'kutenga dzina la mayi wa banki uja. Bungweli limapeza malo, limamangapo kapena kukonza nyumba, kenaka limagulitsa nyumba yokha kwa banja lopeza zochepa. Dothi limakhalabe la bungwe, ndipo banjalo limalibwereka pa pangano la zaka 99. Chifukwa chakuti banja siligula dothi, mtengo umatsika. Likafuna kugulitsa, limatenga gawo chabe la phindu, ndipo nyumbayo imapita kwa banja lina lopeza zochepa pa mtengo wofikirika. Thandizo limene lidaperekedwa kamodzi limatumikira mabanja ambiri motsatizana. Zikufanana ndi malo a makolo, kumene munthu amamanga, amalima ndi kusiyira ana ake, koma dothi silichoka m'manja mwa mudzi. Bungweli likadali laling'ono poyerekeza ndi kukula kwa vutoli.

Mipingo nayo sidakhale chete. Gulu la RISC, limene limasonkhanitsa mipingo yosiyanasiyana, chaka chilichonse limaitana akuluakulu a mzinda ku msonkhano wa anthu ambirimbiri n'kuwafunsa pamaso pa onse ngati aika ndalama m'thumba la nyumba zotsika mtengo. Yankho limene limafunika ndi inde kapena ayi, ndipo chaka chotsatira gululi limabwera kudzawerengera zimene zachitika.

Nkhani yovuta kwambiri ndi ya nyumba za boma zija. Zakalamba, ndipo bungwe loziyang'anira likufuna kuzigumula n'kumanga madera osakaniza olemera ndi osauka. Ku Creighton Court, kumene kudali nyumba 504, kugumula kudayamba mu 2022. Ku Gilpin mapulani oterewa adzetsa mkangano, chifukwa anthu okhalamo akufuna lonjezo lolembedwa loti adzabwerera. Iwo akukumbukira zimene zidachitikira makolo awo. Mu 2023 boma lalikulu lidapereka madola 1.35 miliyoni okonzera mapulani ovindikira gawo la msewu wa I-95 ndi mlatho waukulu wokhala ndi mitengo ndi malo a anthu, kuti mbali ziwiri za Jackson Ward zilumikizanenso. Ndalamazo ndi za mapulani chabe. Kumanga kwenikweni kudzafuna zochuluka kwambiri.

Umboni wosonkhanitsidwa ndi anthu wamba

Chinthu china chimene chathandiza ku Richmond ndi umboni umene anthu wamba adatolera okha. Mu July 2017, tsiku lina lotentha kwambiri, anthu ongodzipereka motsogozedwa ndi Jeremy Hoffman wa ku Science Museum of Virginia adayendayenda mumzinda ndi zipangizo zoyezera kutentha. Adapeza kuti pa ola lomwelo madera ena adali otentha kuposa ena ndi madigiri pafupifupi 9. Atayerekeza zotsatirazo ndi mapu a 1937, adaona kuti madera otentha kwambiri ndi aja adapakidwa utoto wofiira, kumene kuli phula ndi simenti wambiri koma mitengo yochepa. Achinyamata a bungwe la Groundwork RVA adagwiritsa ntchito mapu atsopanowa posankha malo obzala mitengo.

Chimodzimodzinso ndi masiteji a basi. Pa masiteji oposa 1,600, pafupifupi 5 okha pa 100 alionse ndiwo adali ndi denga. Gulu la RVA Rapid Transit lidajambula zithunzi za okalamba ataima padzuwa ndi pamvula, lidalemba mawu a okwera, n'kupita nazo ku misonkhano ya khonsolo. GRTC idakonza ndondomeko ya zaka zingapo yoika mabenchi ndi madenga.

Zoti tiganizire

Richmond ndi mzinda wa dziko lolemera, ndipo ndalama zimene zatchulidwa m'nkhaniyi makhonsolo athu alibe. Koma misewu ikukuzidwa ku Lilongwe, ku Lusaka ndi m'matauni ena a chigawo chino, ndipo minda ya m'mphepete mwa mizinda ikusanduka mapoloti. Mlimi wobweretsa tomato ndi masamba mumzinda amadziwa kale kuti phindu lake limathera pa mtengo wa minibasi ndi pa mtunda wa pakati pa siteji ndi msika.

Mkulu wa boma kapena wa kampani akabwera ndi mapulani a msewu, msika kapena nyumba zatsopano, komiti ya chitukuko ili ndi mafunso oyenera kufunsa ntchito isadayambe. Kodi mzere wa msewu ukudutsa pa nyumba ndi minda ya yani, ndipo n'chifukwa chiyani wadutsa pamenepo? Kodi osamutsidwa akupita kuti, ndipo kumeneko kuli madzi, sukulu ndi njira yofikira kumsika? Kodi woyenda pansi, wa njinga ndi wa kabaza adzawoloka pati? Malo akakwera mtengo chifukwa cha msewuwo, ndani adzapindule, ndipo wochita lendi adzatetezedwa bwanji? Mayankho ake alembedwe, asainidwe, ndipo komiti isunge kalata yake. Komiti iwerengenso yokha mabanja, minda, zitsime ndi mitengo zimene zili pa mzerewo, kuti tsiku la msonkhano idzapite ndi chiwerengero chake m'manja.